Phukusi la M'fuliji ya a Nampota

Ku Mtiya, mumzere wa nyumba zoyang'anizana ndi phiri, fuliji yoyamba kufika inali ya a Ralph Nampota, ndipo a Ralph sankalola kuti anthu aiwale zimenezi. Anaigula atangopuma pa ntchito ya boma, kumene anakhala zaka zambiri ali wachiwiri kwa mkulu woyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Ukulu weniweniwo sanaulawepo, koma ankati ntchito yonse ankagwira ndi iwo, winayo ankangosaina.

Fulijiyo sinalowe kukhitchini ayi. Inaima pabalaza, pakati pa wailesi ya kanema ndi chithunzi cha ukwati, itafunda kansalu koluka pamutu ngati mayi wa mvano. Mlendo akachedwa kuiyamikira, a Ralph ankanyamuka kukamutengera madzi amene sanapemphe.

Fuliji ya munthu mmodzi sichedwa kusanduka ya mudzi wonse. Uyu abwera ndi kankhuku, uyo ndi mkaka wa mwana, wina ndi kanthu kozungulira kokulunga m'nyuzipepala. Mwambo wake unali wodziwika kwa aliyense: chosungitsa sasuzumira, sataya, safunsanso kuti muli chiyani. Munthu akhoza kusungitsa nyama, akhozanso kusungitsa mapazi a nkhuku n'kumayenda ngati wasungitsa nyama. Jumbo wakuda amasunga ulemu wa onse.

Koma ulemu waukulu wa fulijiyo unkabwera kamodzi pachaka. Pa Idi ya nsembe, Che Nasoro, wamalonda a mpunga ndi mbatatesi wa nyumba ya tsidya lina la msewu, ankapha mbuzi, n'kugawira abale ndi osowa, ndipo gawo la banja lawo linkagona m'fuliji ya a Ralph. Mwendo umodzi unkakhala wa eni nyumba. Komabe a Ralph sankawerengera mwendowo kwenikweni. Chimene chinkawafika pamtima n'choti beseni lalikulu lovundikira ndi nsalu yoyera linkawoloka msewu masana dzuwa likuswa mtengo, mzere wonse ukuona, n'kulowa pachipata chawo osati cha wina.

Chaka chimenecho akazi awo, mayi Judith, anapita ku Lilongwe kukathandiza mwana wawo Joanna amene anali atangobereka kumene. Anachoka mothamanga kuopa kusiyidwa ndi basi, ndipo malangizo onse amene anasiya anali akuti, "Mukatsegula muzitseka." A Ralph anakhumudwa nawo mawuwo. Munthu amene anasungapo matayala a galimoto za boma za chigawo chonse sauzidwa za chitseko.

Kenako dzuwa linafika poti mwala n'kuwotcha phazi, magetsi nawo n'kuyamba khalidwe lawo lija la mlendo wodutsa, womwa madzi ataimirira. Fuliji inkazizira, n'kufunda, n'kuziziranso. Fungo linayamba ngati mphekesera. Pasanapite nthawi linali nkhani yotsimikizika, yokumana ndi munthu pakhonde.

Ndi m'masiku amenewo pamene mayi Amisa, akazi a Che Nasoro, anabwera kudzayendera malo ogona nyama yawo, monga ankachitira chaka chilichonse Idi ikayandikira.

"Odi kuno!"

"Lowani mayi, lowani. Fuliji ili pomwe munaisiya chaka chatha."

Mayi Amisa anavula masilipasi pakhomo, anakonza mpango wawo, n'kutsegula chitseko cha fuliji. Anatsekanso. Pakati pa kutsegula ndi kutsekako sipakanadutsa ngakhale ntchentche, ngakhale kuti zingapo zinayesa.

"Mayi a Joanna abwera liti?" anafunsa.

"Akadali kwa mdzukulu. Koma zonse zili m'manja mwanga."

"Ndaona." Anabwerera cham'mbuyo mpaka pamene panali kamphepo. "Ndamvanso kuti a dokotala aja agula ya zitseko ziwiri. Akuti imatulutsa madzi ozizira pachifuwa, osatsegula n'komwe."

"Zoseweretsa ana zimenezo."

"Kapena. Ine ndidzabweranso tsiku loti mawa lake ndi Idi. Nyama ya nsembe, bambo, singagone pamodzi ndi chimene chagona umomo. Chikadzakhala chikadalipo, musadzandiimbe mlandu beseni likakhotera kwina."

A dokotala amene ankanenedwawo anali a Chiukepo, dokotala wa mabuku osati wa jakisoni, ochokera ku Nkhata Bay, amene ankaphunzitsa mbiri yakale ku yunivesite ya ku Chirunga ndipo anali atalowa nyumba ya kumapeto kwa mzere. Poyamba awiriwa ankacheza bwino pampanda. Koma chifikireni fuliji ya zitseko ziwiri ija, a Ralph anayamba kupereka moni ndi chibwano chokha. A Chiukepo nawo moni wawo unali utafupika, ndipo a Ralph ankadziwa chifukwa chake: munthu akagula zitseko ziwiri khosi limauma.

Mayi Amisa atangotuluka, a Ralph anavala jekete n'kulengeza mumzere monse kuti aliyense adzatenge katundu wake chifukwa kukhala kuyendera kwapadera. Anthu anabwera atagwira mphuno mwaulemu, ngati akukanda. Majumbo anatuluka mmodzimmodzi, fuliji inatsala pululu, koma fungo silinasunthe. Pansi penipeni, m'kabokosi kosungira masamba, munatsala phukusi limodzi: lalitali ngati mkono, lokulunga m'nyuzipepala ndi jumbo, lomanga ndi chingwe, lotupa ngati likusunga mawu. Pansi pake panali timadzi tamtundu wosadziwika.

A Ralph anayenda khomo ndi khomo kufotokoza maonekedwe a phukusilo. Palibe analidziwa. Anthu amene dzana lomweli ankakanganira kachidutswa ka soseji tsopano ankalumbira kuti chibadwire sanasungitsepo chinthu chachitali. Ndipo ndani akanavomera? Kuvomera phukusilo kunali kuvomera fungo lake, ndi dzina limene ana a mumzerewo akanakupatsa mpaka kumanda.

Mayi Pauline a nyumba yoyandikana nayo, amene sankaphonya maliro, ukwati kapena ngozi, anabwera kudzaliona ataima chapatali.

"Lomanga mfundo zitatu," anatero motsitsa mawu. "Lopanda mwini. M'nyumba mwa bambo amene akazi ake achokapo. Ine sindinanene kanthu."

"Mayi Pauline, ine ndine mkulu wa mpingo."

"Ndiye amene amawafunawo. Musaligwire ndi manja, bambo. Fuliji imeneyi anthu ali nayo nsanje kuyambira tsiku limene inatsika m'galimoto."

A Ralph sankakhulupirira za mankhwala. Koma mawu akuti anthu ali nawo nsanje anawakhalira bwino m'khutu, ndipo munthu sataya umboni wa nsanje ya anthu chisawawa. Kuwonjezera apo, mwambo unali mwambo. Phukusi linakhala pomwepo.

Anaganiza zolimbana ndi fungo lokhalo, phukusi n'kulisiya mwamtendere. Anaikamo sopo wosambira. Anawazamo mankhwala onunkhira a kuchimbudzi. Pomaliza anatenga botolo la mafuta onunkhira a mayi Judith, aja ankadzola pa Khirisimasi pokha, n'kupopera shelefu iliyonse. Atatsegula m'mawa mwake, fungo lija linalipo ndithu, kungoti tsopano linkamveka ngati chinthu chovunda chimene chikupita ku ukwati.

Apo m'pamene anaimba foni ku Lilongwe. Anafunsa za mdzukulu, za Joanna, za mtengo wa tomato kumeneko, kenako anatsokomola.

"Amayi, pali mnzanga wina kuno, tinkagwirira limodzi ntchito. Fuliji yake yayamba kafungo."

"Mnzanu uti?"

"Simukumudziwa."

"Ali ndi dazi mnzanuyo?"

"Zimenezo zikugwirizana bwanji?"

"Palibe. Mumuuze aizimitse, atulutse zonse. Mashelefu akatsukire panja ndi sopo, aume padzuwa. M'katimo apukute ndi madzi ofunda osungunulamo soda, yemwe uja wa therere, ali m'kabotolo kofiira pamwamba pa kabati."

"Kabati ya mnzangayo simukuidziwa."

"Makabati amafanana. Labala wa m'mbali mwa chitseko amukweche ndi mswachi wakale, ndi m'mene mumabisala zinthu. Kuseri, pamwamba pa injini, kuli kambale kolandira madzi, akakhuthule. Asiye chitseko chotsegula kamphepo kapitemo. Akamaliza aikemo makala pang'ono m'kasosala ndi ndimu wodula pakati. Makala amamwa fungo. Koma choyamba, bambo a Joanna, ataye chonunkhacho. Palibe soda wotsuka chinthu chimene chikadali momwemo."

A Ralph anati afunse za phukusi lija, koma kufunsa kukanapha mnzawoyo pomwepo. Ali m'kati moganiza, khanda linalira ndipo foni inaduka.

Soda analipo, ndimu analipo pamtengo kuseri. Vuto linali makala. A Ralph anali wapampando wa kagulu ka mumzeremo koteteza mitengo ya m'phiri, ndipo pa msonkhano wina anaimirira n'kunena kuti makala ndi mafupa a phiri, mawu amene anawakonda kwambiri mpaka ankawabwereza pa maliro. M'nyumba mwawo makala anali oletsedwa. Thumba la makala la mayi Judith linkakhala kukhitchini kwa mayi Amisa, chinthu chimene a Ralph ankachidziwa ngati munthu koma osati ngati wapampando. Kukapempha kumeneko tsopano kunali kosatheka. Kukagula kumsika kunali kudzipereka m'kamwa mwa anthu.

Nzeru inawafikira poyang'ana phiri. Chapamwamba panali chigamba chakuda pamene moto wolusa unadutsa. Mtengo wopsa wokha si makala ogula, anatero mumtima, ndi umboni. Ndipo zinangochitika kuti Che Nasoro ankakwera phirilo m'mawa mwake kukatenga mbuzi ya Idi kwa mlimi wina wa cha kuseri.

"Ndikufuna ndikaone m'mene moto waonongera," a Ralph anatero pokwera kagalimoto ka Che Nasoro, atavala tayi, jumbo atamupinda m'thumba la jekete.

"Kwerani bwana, phiri likudikira lipoti lanu."

Kagalimotoko kanakwera mokhotakhota, kakubuula pa ngodya iliyonse. Kutentha kwa m'tauni kunatsalira m'munsi, mphepo ya mapaini n'kulowa pazenera. A Ralph anapuma mpweya wambiri, ndipo anadabwa kukumbukira kuti dziko silinunkha lonse. Ogulitsa zipatso ankathamangira galimoto atanyamula timadengu ta masitirobere, Che Nasoro n'kumawakwezera dzanja ngati phungu.

Pa chigamba chopsa chija a Ralph anatsika. Anayendayenda manja kumbuyo, akugwedeza mutu mwachisoni, kenako anawerama n'kuyamba kutola. Zimene ankatolazo zinali makungwa opsa, ongofumbutuka m'manja, onunkha utomoni ndi utsi. Che Nasoro anawaonerera atatsamira galimoto.

"Achimwene, zimenezo mukapita nazo ku khoti kapena ku fuliji?"

A Ralph anaweramuka, manja ali bii, tayi ali ndi chidindo cha chala. Anaona kuti kubisa sikuthandizanso.

"Akazi anu akuuzani."

"Sanandiuze. Atabwerera kuchokera kwanu kuja anakana chakudya. Amisa kukana mpunga wa kokonati, ndinadziwa kuti waona zazikulu." Che Nasoro anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Ine ndikufuna nyama ibwere kwanu, tazolowerana. Koma mphuno ya m'nyumba mwanga si yanga. Nanga chonunkhacho n'chiyani?"

A Ralph anafotokoza za phukusi, za mfundo zitatu, za mayi Pauline.

"Mwafunsa nyumba zonse?"

"Zonse."

"Ndi ya a dokotala yomwe?"

A Ralph anayang'ana kutali, kumene nyanja ya Chilwa inkanyezimira mu nkhungu ya kutentha.

"Munthu wa zitseko ziwiri angasungitse chiyani kwa ine?"

"Zitseko ziwirizo anabadwa nazo? Zisanabwere ankaika kuti?"

A Ralph anapukuta manja pa udzu, udzuwo unali wopsanso.

Mbuzi anaipeza itamangidwa pamtengo wa pichesi, yonenepa, ya ndevu zaulemu. Inawayang'ana a Ralph nthawi yaitali, ngati yamva kuti malo ake ogona ali m'manja mwa munthu wosadalirika. Potsika phiri anakumana ndi bambo wina akukankha njinga yosenza matumba a makala mpaka kupitirira mutu. Che Nasoro anaima.

"Bwana wapampando, taonani uko, kodi si Mulanje akuoneka apoyo?"

A Ralph anatembenukira kuzenera n'kuyang'ana Mulanje mwachidwi chachikulu, ngakhale kuti tsikulo sankaoneka. Kumbuyo kwawo kunamveka moni wa Chiyao, kuseka, ndi kaphokoso ka jumbo. Galimoto itanyamuka, pamapazi awo panali kanthu kolemera pang'ono.

"Amenewo ndi anga," anatero Che Nasoro. "Ndangosungitsa."

Atafika ku Mtiya anamangirira mbuzi kuseri kwa nyumba ya Che Nasoro, ndipo Che Nasoro sanawapatse a Ralph mpata wopita kukasamba. Anawatsogolera molunjika ku nyumba ya kumapeto kwa mzere. A Chiukepo anatsegula atavala kabudula, magalasi ali pamphumi, cholembera chofiira kukhutu. Moni unali waufupi mbali zonse ziwiri.

"A dokotala," anayamba a Ralph, ngati akuwerenga chikalata, "pa kuyendera kumene tinachita m'fuliji mwathu, tapeza katundu amene mwini wake sakudziwika. Wamtali chonchi. Womanga ndi chingwe."

A Chiukepo anatsitsa magalasi n'kuwaika pamphuno.

"M'nyuzipepala? Chingwe cha buluu?"

"Cha buluu."

"Adada! Simunadye?"

"Kudya chiyani?"

"Batala! Nsomba ya kwathu imeneyo, mlongo wanga anabwera nayo m'madzi oundana kuchokera ku Nkhata Bay. Ziwiri zokha. Imodzi ndinadya ine, inayo ndinapatsa amayi akunyumba kwanu pampanda tsiku lomwe ankathamangira basi lija. Ndinati iyi ndi ya adada, akazinge okha, alawe za kunyanja yeniyeni, asiye kaye matemba."

Che Nasoro anayang'ana kudenga, mapewa akugwedera.

"Ndiye kuti," anatero a Ralph pang'onopang'ono, "phukusilo ndi langa."

"Lanu ndithu! Ine ndinadikira m'mawa mwake kuti mudutsa n'kunena kuti zikomo za dzulo. Kunali zii. Tsiku linalo mwandipatsa moni wa chibwano. Ndinati kapena anthu a kuno batala amamuona ngati chipongwe. Ndinafika pofunsa mnzanga wa ku dipatimenti ngati pali mwambo wanu wa Chilomwe umene ndalakwira."

"Ine ndimayesa ndi zitseko ziwiri zakukwezani mapewa."

"Zitseko? Bwerani mudzaone."

Fuliji ya a Chiukepo inali kukhitchini, yaitali ngati msilikali, yonyezimira. Anatsegula zitseko zonse ziwiri. Munali kabichi watheka ndi botolo la madzi. Munalibe fungo lililonse, ngakhale la kabichiyo.

"Mayi Amisa anabwera kudzaiona," anatero a Chiukepo mosadziwa kuti akubaya munthu. "Analowetsamo mutu wonse, anatuluka akumwetulira. Kaya amafuna chiyani."

A Ralph anakumbukira kuti pali ngongole ya ulemu imene sinaperekedwe, ndipo anaimirira bwino, manja akuda aja atawagwirizira kutsogolo.

"A dokotala, zikomo kwambiri chifukwa cha nsomba ija."

"Yewo, adada. Pepani kuti yakhalitsa."

Maliro a batala anachitika masana omwewo. Popeza tsopano anali katundu wawo, a Ralph anali ndi ufulu wonse womutaya, koma anasankha kumunyamula ndi fosholo. Anadutsa naye pabalaza atatambasula manja, mutu atatembenuzira kumbali, n'kukamukwirira patsinde pa mpapaya. Mayi Pauline anaonerera pampanda, ndipo atamva kuti inali nsomba chabe nkhope yawo inagwa.

"Ngati ndi nsomba chabe," anatero, "ndiye mfundo zitatuzo zinali za chiyani?"

"Kuti isathawe," anayankha Che Nasoro.

A Chiukepo anati popeza nsomba inali yawo poyamba, fungo lake ndi la onse awiri. Anabwera ndi ndowa ndi mswachi wakale. Fuliji inazimitsidwa, n'kukokedwa pakati pa balaza, kansalu kake kuvulidwa. Vuto linali lakuti pa ntchitoyo panali akuluakulu awiri ndipo panalibe wantchito. A Ralph ankalamula kuti ayambire pamwamba kutsika. A Chiukepo ankati m'mbiri yonse ya anthu, mavuto amayambira pansi. Che Nasoro anakhala pa sofa n'kunena kuti iwo ndi mboni chabe, sangadetse manja Idi ili pafupi.

Komabe ntchito inagwirika. Mashelefu anatuluka, anasambitsidwa pampopi, n'kuyanikidwa pa udzu. Kabokosi ka masamba kanatsukidwa, kananunkhizidwa, n'kutsukidwanso. A Ralph anagwada ndi kansanza m'manja, mutu uli m'fuliji, akupukuta ngodya iliyonse ndi madzi a soda, kwinaku akufotokozera khoma la m'katimo m'mene ankayendetsera nyumba ya katundu. A Chiukepo anakwecha labala wa chitseko, ndipo zimene zinatuluka m'mikwingwirima yake anati n'zoyenera kuzilembera buku: nyenyeswa, njere ya tomato, ndi kanthu kena kamene anati n'ka nthawi ya chipani chimodzi.

"Fuliji imeneyi inagulidwa nthawi imeneyo itadutsa kale," anatero a Ralph ali m'katimo.

"Ndiye kanabwera nayo."

Atamaliza ananunkhiza. Fungo linali litachepa, koma linalipo, likuzungulira chapansipansi ngati galu wothamangitsidwa amene sanapite kutali. A Ralph anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Kenako anakumbukira.

"Kuseri! Kuli kambale."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndi zinthu zimene munthu amangodziwa."

Anaitembenuza fuliji. Pamwamba pa injini panalidi kambale, ndipo m'menemo ndi m'mene madzi a batala anatsikira n'kumatenthedwa pang'onopang'ono nthawi zonse magetsi akabwera. Che Nasoro, mboni ija, anatuluka panja osatsanzika. A Chiukepo ananena mawu a Chitonga amene sanawamasulire. A Ralph anakanyamula kambaleko okha, ngati munthu wonyamula mbale ya chopereka, mpaka ku mpapaya.

Fuliji inagona chitseko chili chotsegula, mawindo a pabalaza nawonso. M'mawa anabwezeramo mashelefu, anaika makala a Che Nasoro m'kasosala ka maluwa kamene mayi Judith ankasungira alendo, pambali pake ndimu wodula pakati. Anaiyatsa. Magetsi, mwa chifundo chawo chosadziwika, analipo. Tsiku lonselo a Ralph ankapita kukatsegula, kununkhiza, kutseka, mpaka mphuno yawo inasiya kuwauza zoona. Anaitana mayi Pauline, amene anati iwo akumvabe kanthu, koma osati ka m'mphuno.

Tsiku loti mawa lake ndi Idi, mayi Amisa anafika monga ananenera. Pambuyo pawo panali Che Nasoro, ndipo a Chiukepo anabwera okha osaitanidwa, atavala malaya a kolala. A Ralph anali atavala suti ya maukwati.

Mayi Amisa anavula masilipasi. Ananunkhiza pakhomo. Ananunkhiza pabalaza. Anatsegula fuliji n'kulowetsamo mutu, ndipo anakhalamo nthawi yaitali moti a Ralph anayamba kuganiza kuti mwina akomokeramo. Anakoka kabokosi ka pansi. Anapititsa chala m'mikwingwirima ya labala, n'kuchiyang'ana, n'kuchinunkhiza. Anatenga kapu imene a Ralph anaikamo madzi, analawa, n'kuwasunga m'kamwa ngati munthu wogula uchi.

"Watsuka ndani?"

"Ine," anatero a Ralph ndi a Chiukepo pamodzi.

"Ine ndinali mboni," anatero Che Nasoro.

Mayi Amisa anatseka chitseko bwinobwino.

"Ya a dokotala ndi yaikulu," anatero. A Ralph anagwira mpando. "Ndi yoyeranso. Koma n'kuyera kwa nyumba imene simunagonepo munthu. Sindikudziwa kuti ikakumana ndi vuto idzatani. Iyi yaona zinthu, ndipo yabwerako." Anavala masilipasi awo. "Mawa tikachoka ku mapemphero a Swala, mukonze malo. Shelefu ya pamwambayo muchotsepo mabotolo anuwo, pakhala chiwindi."

A Ralph anatsegula pakamwa kuti anene mawu ochepa amene anakonzekera, okhudza udindo, kudalirika ndi ubale wa zipembedzo, koma mayi Amisa anali atafika kale pachipata.

Mawa lake, dzuwa lili pamutu, beseni lovundikira ndi nsalu yoyera linatuluka kwa Che Nasoro. A Ralph anali ataima pachipata kuyambira kale, akuyang'ana maluwa a mpanda ngati angopezekapo. Beseni linawoloka msewu. Anthu anasuzumira m'mawindo, mayi Pauline anatuluka ndi tsache losesera pamalo posesa kale, a Chiukepo anakweza dzanja ali kumapeto kwa mzere. Beseni linalowa pachipata cha a Nampota.

Mayi Amisa anayala nyama okha, nthuli iliyonse m'jumbo wake woonekera m'kati, womanga bwino kuti madzi asadonthe. Mwendo wa eni nyumba anauika pambali. A Ralph anatseka chitseko ndi manja awiri, anabwezera kansalu koluka pamutu pa fuliji, n'kuima pambali pake akumvetsera kulira kwa injini.

Che Nasoro anadzigwetsa pa sofa, akudzipepesa ndi kofia.

"Achimwene, kutentha kumeneku. Tipatseniko madzi ozizira."

A Ralph anayang'ana fuliji, anayang'ana mlendo wawo. Kenako anapita kukhitchini, n'kubwera ndi kapu ya madzi a pampopi.

"Pepani Che Nasoro," anatero. "Singatsegulidwe pakali pano. Ili pa ntchito."